Kodi Kutentha kwa Dzuwa Kungasungidwe? Za Timachubu ta Kaboni ndi Mafuwa a ku Mzimba

Aliyense wa owerenga athu amene anagwirapo ntchito ya Boma kapena ya uphunzitsi m'boma la Mzimba adziwa bwino m'mene nyengo ya kumeneko ikhalira miyezi ya June ndi July. Masiku ambiri dzuwa limawala masana kotero kuti malata a nyumba sakhudzika ndi dzanja. Koma likangolowa, mphepo yozizira imatsika kuchokera ku mapiri a Viphya, ndipo pofika m'bandakucha ana a sukulu a ku Champhira, ku Jenda ndi ku Embangweni amayenda manja ali m'khwapa. Kutentha kulipo kochuluka pa nthawi imene anthu sakufuna, ndipo kumasowa pa nthawi imene mayi afuna kuphika nsima ya madzulo kapena phala la m'mawa. Mpata wa pakati pa nthawi ziwirizi timaudzaza ndi mitengo.

Kalembera wa chaka cha 2018 anapeza kuti m'boma la Mzimba munali anthu oposa 900,000, osawerengera mzinda wa Mzuzu, ndiponso kuti m'dziko lonse mabanja oposa 90 pa 100 aliwonse amaphikira nkhuni kapena makala. Nkhalango ya Perekezi, imene iri kum'mawa kwa Mzimba boma, yakhala ikudyedwa ndi ootcha makala kwa zaka zambiri. Boma silinakhale chete pa nkhaniyi. M'chaka cha 2013 linalengeza kuti lifuna mbaula zosunga nkhuni 2,000,000 zifike m'mabanja pofika 2020. M'chaka cha 2017 linatulutsa ndondomeko ya zaka khumi ya za makala. Ndipo m'chaka cha 2020 lamulo la za nkhalango linakonzedwanso kuti zilango zikhwime. Zonsezi ndi zabwino ndi zoyenera. Komabe chilango sichiphika nsima, ndipo n'chifukwa chake tiyenera kutchera khutu pamene akatswiri a maiko ena alankhula za njira zosungira kutentha kwa masana kuti kugwire ntchito usiku. Mwa njira zimenezi, imene yatchuka kwambiri m'zaka zino m'magazini a sayansi ndiyo yothira timachubu ta kaboni, timene pa Chingerezi amati carbon nanotubes, m'zinthu zosungiramo kutentha. Cholinga chathu lero ndicho kufotokoza chimene timachubu timeneti tichita, chimene sitichita, ndi ngati nkoyenera kuti Mzimba atidikire.

NJIRA ZIWIRI ZOSUNGIRA

Kusunga kutentha si nzeru yachilendo kwa ife ayi. Mayi wophika masikono pa msika wa Jenda amasonkha moto mu uvuni wa njerwa, nkupala makala onse, kenaka nkuika masikono ake. Chimene chipsetsa masikonowo ndi kutentha kumene njerwa zasunga. Mbatata yokwiriridwa m'phulusa imapsa moto utazima kale. Iyi ndiyo njira yoyamba: chinthu chimatenthedwa, ndipo chimabweza kutenthako pang'onopang'ono chikamazizira. Pa njira imeneyi madzi aposa pafupifupi chinthu china chirichonse chopezeka pakhomo, pakuti kuti lita imodzi ya madzi ikwere ndi digiri imodzi ya Celsius pamafunika mphamvu yokwana 4.2 kJ, pamene njerwa yolemera chimodzimodzi ifuna yosafika 1 kJ.

Njira yachiwiri ndiyo imene akatswiri akangalika nayo, ndipo iyenera kumveka bwino. Chinthu cholimba chikamasungunuka chimameza kutentha kwambiri popanda icho kutentherapo. Ndipo chikamaumanso chimasanza kutentha konseko, chiri pa digiri yomweyo. Kilogalamu imodzi ya phula la kandulo imameza pafupifupi 200 kJ posungunuka, ndiko kuti mphamvu yokwanira kukweza lita imodzi ya madzi ndi madigiri 48. Phula la njuchi, limene alimi a njuchi a ku Mzimba alidziwa bwino, limasungunuka pa madigiri a pakati pa 62 ndi 64. Shuga wina wotchedwa erythritol amasungunuka pa madigiri 118 ndipo amameza pafupifupi 340 kJ pa kilogalamu. Ubwino wa zinthu zoterezi ndi wakuti zimasunga kutentha kwambiri m'malo ochepa, ndiponso zimakubweza mofanana, osati kuyamba ndi kutentha koopsa nkutha msanga monga moto wa mapesi.

Amene anayesa nzeru imeneyi poyera kalekale anali mayi wina wasayansi wobadwira ku Hungary, Mária Telkes. M'chaka cha 1948 iye ndi anzake anamanga nyumba ku Dover, m'dera la Massachusetts ku America, imene inkafunditsidwa ndi dzuwa lokha, kutentha kwake kukusungidwa m'migolo ya mchere wa Glauber, umene umasungunuka pa madigiri 32. Poyamba zinayenda bwino ndipo manyuzipepala anatama kwambiri. Patapita zaka zochepa mcherewo unayamba kulekana ndi madzi ake nkudikha pansi, migolo inachita dzimbiri nidontha, ndipo ntchito yonse inalekeka. Tikumbutsa nkhani imeneyi chifukwa mabvuto amene anagwetsa nyumba ya ku Dover ndi omwewo amene asautsa timachubu ta kaboni lero.

Phula nalo liri ndi chilema chake chachikulu: kutentha kumayenda movutikira kwambiri m'kati mwake. Pa muyeso umene akatswiri agwiritsa ntchito, kopa ali pa 400, madzi ali pa 0.6, phula liri pa 0.2 chabe. Tanthauzo lake nali. Mukaika mphika wozizira pamwamba pa phula losungunuka, phula limene lakhudzana ndi mphikawo ndilo liyamba kuuma, ndipo likauma limasanduka ngati nkhoko ya pansi pa mphika wa nsima, yotchinga kutentha kwa phula lotsala kuti kusafike. Kutentha kulimo ndithu, koma kutuluka kwake nkochedwa kotero kuti ana agona ndi njala ndiwo zisanapse. Masana nawo ndi chimodzimodzi: dzuwa limalowa phula lisanathe kusungunuka lonse.

TIMACHUBU TIMENETI

Apa ndipo palowera timachubu ta kaboni. Kaboni ndi chinthu chomwe chija chiri m'makala ndi m'kati mwa pensulo. Koma akayalidwa ngati mphasa yopyapyala kwambiri nkupindidwa kukhala chubu, amakhala ndi mphamvu zodabwitsa. Asayansi awiri a ku Soviet Union, Radushkevich ndi Lukyanovich, anajambula timachubu totere m'chaka cha 1952, koma dziko silinawamvere. Chinadzutsa chidwi cha onse chinali chimene analemba Sumio Iijima wa ku Japan m'chaka cha 1991. Kuchepa kwake nkosaneneka: tating'ono kwambiri mwa ito tingafunike 50,000 kapena kuposa, titandandalikidwa pamodzi, kuti tilingane ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. M'chaka cha 2001 akatswiri a ku Berkeley, ku California, anayesa kachubu kamodzi napeza kuti pa muyeso uja wa kayendedwe ka kutentha kali pamwamba pa 3,000, ndiko kuposa kopa kasanu ndi kawiri, ndi kuposa phula ka 15,000. Chaka chomwecho Stephen Choi ndi anzake ku Argonne, pafupi ndi Chicago, analengeza kuti atathira gawo limodzi pa 100 la timachubu m'mafuta, kutentha kunayenda m'mafutamo kuposa kawiri m'mene kunkayendera.

Ganizo lake tsono ndi losavuta kumva. Thirani timachubu m'phula, ndipo tidzakhala ngati tinjira tambirimbiri todutsa m'thengo, toti kutentha kuzilowa ndi kutuluka msanga. Mphunzitsi wa masamu atatenga choko akhoza kuwerengera kuti gawo limodzi pa 100 liyenera kufulumizitsa phula kamakumi angapo. Koma zimene zapezeka m'zaka zoposa makumi awiri za kuyesayesa siziri choncho. Nthawi zambiri kayendedwe ka kutentha m'phula kamakwera pang'ono, osafika ngakhale kawiri.

Zifukwa zake ndi zodziwika. Choyamba, kutentha kumathamanga m'kati mwa kachubu, koma kumapunthwa pamene kuyenera kuoloka kuchokera m'phula kulowa m'kachubu, ndi kuchokera m'kachubu kena kupita m'kanzake. Msewu wa phula ungakhale wabwino chotani, ngati pa mtsinje uliwonse palibe mlatho ulendo suyenda. Chachiwiri, timachubu timakonda kumatana tokhatokha nkupanga zibuma, ndipo phula likasungunuka ndi kuuma kambirimbiri zibumazo zimadikha pansi, monga unachitira mchere wa ku Dover. Chachitatu chiseketsa pang'ono. Phula losungunuka limadzitakasa lokha, lotentha likukwera ndi lozizira likutsika, ndipo kuzungulira kumeneku ndiko kumathandiza kuti lonse lisungunuke msanga. Timachubu timalimbitsa phulalo kukhala ngati phala lothina, kuzungulira kuja nkuchepa; motero pali zoyesa zina zimene phula lothiridwa timachubu linachedwa kusungunuka kuposa phula wamba. Walira mvula walira matope.

Pali mfundo inanso imene tipempha owerenga athu aigwire bwino, pakuti ndi pamene amalonda adzasokoneze anthu. Timachubu sitisungunuka, chotero sitimeza kutentha monga phula limeza. Malo amene tatenga m'chitini ndi malo amene phula lachotsedwapo. Ntchito yake ndi kufulumizitsa kulowa ndi kutuluka kwa kutentha. Nkhokwe yokha siikula, ndipo kawirikawiri imachepako.

Za mtengo ndi za umoyo tinene mwachidule. Timachubu timapangidwa m'mafakitale potentha mpweya wokhala ndi kaboni pa madigiri mazana angapo, pamwamba pa fumbi la chitsulo kapena cobalt, ndipo makampani akuluakulu otipanga, monga LG Chem ya ku South Korea ndi Cnano ya ku China, amatigulitsa makamaka kwa opanga mabatire a galimoto zamagetsi. Kwa ife tingabwere pokhapokha titatulutsa ndalama zakunja, zimene fetereza, mankhwala ndi mafuta a galimoto akulimbirana kale. Ndiponso m'chaka cha 2008 akatswiri a ku Edinburgh anaonetsa kuti timachubu tatitali, toongoka, timavulaza mbewa monga achitira asbestos. Ndipo m'chaka cha 2014 bungwe la IARC, loona za khansa pansi pa World Health Organization, linaika mtundu umodzi wa timachubu m'gulu la zinthu zimene mwina zingayambitse khansa. Tikakhala m'kati mwa phula lotsekeredwa m'chitini palibe choopsa chachikulu. Koma kumudzi chitini chobooka sichitayidwa kutali, ndipo phula lotayika mwana amakolezera moto.

KUMENE KUSUNGA KUTENTHA KWAPAMBANA

Tisamveke ngati tikunyoza nzeru yosunga kutentha. Ku South Africa, dziko limene ana ambiri a ku Mzimba amapitako kukagwira ntchito, kuli malo opangira magetsi m'chigawo cha Northern Cape amene amasonkhanitsa dzuwa ndi magalasi nkusunga kutentha kwake mu mchere wosungunuka. KaXu inayamba ntchito m'chaka cha 2015; Bokpoort, ya 50 MW, inayamba m'chaka cha 2016 ndipo ikhoza kupitiriza kupanga magetsi maola oposa asanu ndi anai dzuwa litalowa. Mchere wake ndi wosakaniza magawo 60 a sodium nitrate ndi magawo 40 a potassium nitrate, abale ake a fetereza amene tiwadziwa. Chofunika kuona ndi chakuti mchere umenewu sathiramo timachubu. Amausunga wamadzimadzi nthawi zonse nkumaupopa ndi mapampu kuchokera m'thanki yozizira kupita m'thanki yotentha, ndipo bvuto la nkhoko lija silibuka konse.

Kwathu kuno Boma linasankha njira ina yoyenera kukula kwa thumba lathu. Malo a magetsi a dzuwa a ku Salima, a 60 MW, anatsegulidwa m'chaka cha 2021, ndipo a ku Golomoti, a 20 MW, anatsatira m'chaka cha 2022 ali ndi mabatire. Kufunika kwake kunaoneka pamene namondwe Ana anaononga Kapichira mu January 2022, dziko nkutaya pafupifupi 130 MW kwa nthawi yoposa chaka.

Koma magetsi a m'mawaya ndi nkhani ina, mafuwa a ku Manyamula ndi nkhani inanso. Tiyeni tiwerengere. Mzimba boma iri pamtunda wa mamita oposa 1,300, kotero madzi amawira pa madigiri 95 kapena 96, osati 100. N'chifukwa chakenso nyemba zimachedwerapo kupsa kusiyana ndi ku nyanja. Kuti malita asanu a madzi achoke pa madigiri 20 nkufika powira pamafunika pafupifupi 1,600 kJ. Phula la kandulo silingathe ntchito imeneyi ngakhale mutathiramo timachubu tochuluka chotani, popeza limauma pa madigiri osapitirira 60 kapena pamwamba pang'ono, ndipo chinthu sichingatenthetse chinzake kuposa m'mene icho chatenthera. Erythritol angathe, koma pangafunike makilogalamu asanu kungowiritsa madzi okhawo, osawerengera kutentha kotayika, ndipo nsima isanavundulidwe. Tsono yerekezani ndi nkhuni. Kilogalamu imodzi ya nkhuni zouma iri ndi mphamvu pafupifupi 15,000 kJ, yolingana ndi imene makilogalamu 75 a phula angameze. Mtengo ndiwo nkhokwe ya dzuwa yoposa zonsezi, ndipo mayi wotola nkhuni sali wopusa. Chomvetsa chisoni ndi chakuti pa mafuwa atatu gawo limene limafika mu mphika ndi la pakati pa 10 ndi 15 pa 100. Lotsala lonse limathawa ndi utsi ndi mphepo.

Apa ndi pamene ife tiona kuti funso laikidwa mozondoka. Chosowa cha Mzimba lero si njira yofulumizitsa kutentha, koma yokutchinga kuti kusathawe. Chitetezo mbaula, youmbidwa ndi dothi la komweko, imachita zimenezi pozinga moto ndi kusunga kutentha m'khoma lake. Dengu lophikira popanda moto limachita koposa: mayi awiritsa nyemba kwa kanthawi, nkuchotsa mphika pamoto uli wovundikira, nkuuika m'dengu loyalidwa ndi mankhusu, udzu wouma kapena nsanza, ndipo nyembazo zimapsa zokha iye ali kumunda. Zoyala m'dengu loterolo Mzimba ali nazo zotayatu. Nkhalango ya Chikangawa, ya mahekitala pafupifupi 53,000, inabzalidwa kuti idyetse fakitale ya mapepala imene sinamangidwe. Koma macheka a kumeneko akhala akusiya milu ya utuchi, ndipo utuchi wouma ndi chotchingira kutentha chabwino kwambiri. Sukulu zogonera ndi sukulu zophikira ana phala, zimene zimagula nkhuni pa ngolo ndi pa lole, ndizo zingayambe kuona phindu m'mabuku awo a ndalama.

PAMENE PHULA LIRI NDI MALO

Pali ntchito zina zimene zifuna kutentha kochepa koma kosasinthasintha, ndipo m'menemo zinthu zosungunuka ziri ndi malo enieni. Katemera ambiri ayenera kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 8. Mafiriji oyendera dzuwa opanda batire, amene akhala akuikidwa m'zipatala zazing'ono za kumidzi, amaumitsa madzi masana, ndipo madzi oumawo, amene amameza 334 kJ pa kilogalamu posungunuka, amasunga katemera usiku wonse. Ndi nzeru yomwe ija, itangotembenuzidwa. Ophunzira a ku Stanford anapanga kathumba kofunditsa ana obadwa masiku asanakwane, kotchedwa Embrace, kokhala ndi phula losungunuka pafupi ndi madigiri 37, kamene kamafunditsa mwana kwa maola angapo popanda magetsi. M'zipatala zathu njira ya kangaroo, yoika mwana pachifuwa cha mayi wake, imene m'dziko muno inakhazikitsidwa ku chipatala chachikulu cha Zomba m'chaka cha 1999, ndiyo maziko. Koma mayi akadwala, kapena mwana akamatumizidwa usiku wa July kuchokera ku Khosolo kupita ku chipatala cha Mzimba, kathumba kotere kangasiyanitse moyo ndi imfa. Oweta anapiye nawo, amene amagona akusonkha mbaula ya makala m'khola, angathandizidwe ndi chitini cha phula chimene chaotha dzuwa tsiku lonse.

Ngati tsono phula la ntchito zoterezi lifunika kufulumizitsidwa, kodi ndi timachubu tokha tingathe? Ayi ndithu. Mapepala opyapyala a aluminiyamu olowetsedwa m'phula amagwira ntchitoyi, ndipo wokhoma zidebe wa pa msika wa Mzimba akhoza kuwadula. Koposa apo pali graphite, kaboni yemwe uja wa m'pensulo. Akakonzedwa ndi asidi nkutenthedwa mwadzidzidzi amafufuma ngati siponji, nkumwa phula m'timabowo take. Ndipo popeza iye ndi chinthu chimodzi cholumikizana, sadikha pansi. Zoyesa zambiri zaonetsa kuti graphite wofufuma amafulumizitsa kutentha m'phula kakhumi kapena kuposa, pa mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi timachubu. Ndipo graphite ali m'nthaka yathu. Ku Malingunde ndi ku Kasiya, m'boma la Lilongwe, kampani ya Sovereign Metals inapeza graphite wochuluka, ndipo m'chaka cha 2023 kampani yaikulu ya Rio Tinto inagula gawo m'kampaniyo. Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu January 2021, anaika kutukula mafakitale kukhala umodzi wa mizati yake itatu. Chingakhale chinthu chochititsa manyazi kuti graphite wathu atuluke m'matumba, ife nkumaitanitsa kuchokera kutsidya la nyanja kaboni yemweyo atapindidwa, pa mtengo wa golide.

Chotero uphungu wathu kwa akuluakulu a m'maofesi a khonsolo ya M'mbelwa, ndi kwa onse amene amasaina mapepala ogulira katundu wa Boma, ndi uwu. Wamalonda kapena bungwe likabwera ndi chipangizo chosunga kutentha, nkumatama kuti muli timachubu ta kaboni, mufunseni kuti chimasungunuka pa digiri yanji, chimasunga ma kJ angati pa kilogalamu, ndipo chinayesedwa kusungunuka ndi kuuma kangati chisanafooke. Chipangizo cha pakhomo chimasungunuka kamodzi tsiku lirilonse, ndiko kuti kopitirira 1,800 m'zaka zisanu. Chimene chinayesedwa ka 50 kokha sichinayesedwe. Mufunsenso ngati Malawi Bureau of Standards yachiona, ndi kuti chikaonongeka chidzatayidwa kuti. Kuyesa kwenikweni kwa zinthu zimenezi ndi ntchito ya Mzuzu University, imene iri ndi gawo la maphunziro a za mphamvu, ndi ya MUST ku Thyolo. Ndipo kungakondweretse kuona ophunzira awo akuyamba ndi phula la njuchi za ku Mzimba ndi graphite wa ku Kasiya.

Aphunzitsi a sayansi sayenera kudikira zimenezo. Tengani zitini ziwiri zofanana, muikemo zidutswa za kandulo zolemera chimodzimodzi, ndipo m'chitini chimodzi muimikemo timapepala ta aluminiyamu tingapo. Muzisungunule poziika m'madzi otentha, osati pamoto, pakuti phula limayaka. Zikasungunuka muzichotse, muike thermometer m'chirichonse, ndipo ana alembe digiri pa mphindi iriyonse. Adzaona kutentha kukutsika, kenaka nkuima pafupifupi malo amodzi kwa kanthawi pamene phula likuuma, kenaka nkuyambanso kutsika; ndipo adzaona chitini chimene chifulumira kuuma. Tsiku lotsatira abwereze, chitini chimodzi atachikwirira mu utuchi.